Nsolo ndi Mkwapulo: Mbiri ya Kuphunzitsa Ana Masamu

Madzulo a Loweruka, anthu ataweruka ku nchito ndipo dzuwa litapendeka, munthu woyenda m'makomboni a ku Kitwe, ku Mufulira kapena ku Lusaka sapita patali asanapeze amuna atazinga nsolo pansi pa mtengo. Maenje ali m'mizere inai, miyala iri m'manja, ndipo mkangano suleka. Pambali pao sipalephera kukhala kamnyamata kogwira m'maondo, maso ali pa maenje. Mkulu asanatole miyala ya m'dzenje limene wasankha, kamnyamatako kadziwa kale pamene mwala wotsiriza udzagwera, ndipo nthawi zina kalephera kuugwira mtima nkufuula kuti, "Atate, musatole pamenepo, akudyerani!" Koma Lolemba m'mawa mnyamata yemweyo aimikidwa pa bolodi, coko ciri m'manja, nauzidwa kuti agawe 19 ndi 16 ndi kuchula cotsala. Iye angoti kakasi, thukuta liri kamukamu, ndipo pofika kwao auza amace kuti masamu si ace.

Cimene mnyamatayo sadziwa ndi cakuti funso la pa bolodi analiyankha kale pansi pa mtengo. Pa nsolo ya maenje 8 mumzere uli wonse, munthu ali ndi maenje 16 ozungulira mbali yace. Akatola miyala 19, mwala wa 16 ugwera m'dzenje lomwe anatolamo, ndipo itatu yotsalayo ipitirira maenje atatu. Kumeneko ndiko kugawa ndi kupeza cotsala, ndipo mwanayo acita zimenezi wopanda sileti ndi wopanda mantha. Nanga cinacitika nciani kuti cinthu cimodzi cikhale cokoma Loweruka ndi cowawa Lolemba? Mbiri ionetsa kuti kuyambira kale lomwe pakhala njira ziwiri zophunzitsira ana kuwerengera, ina ya masewera ndi ina ya mkwapulo, ndi kuti ya mkwapulo inapambana m'masukulu makamaka cifukwa inali yochipa.

Ana a ku Egypt

Umboni wina wakale kwambiri wa njira ya masewera ucokera mu Africa muno. Ku British Museum, mu mzinda wa London, kuli mpukutu wa gumbwa umene mlembi wa ku Egypt, dzina lace Ahmes, anaukopera ca m'ma 1550 Kristu asanabadwe. Alexander Henry Rhind wa ku Scotland anaugula ku Luxor m'caka ca 1858, ndipo mpaka lero uchedwa ndi dzina lace. Mafunso ambiri a mumpukutumo ndi a nchito: kugawa mitanda ya mkate pakati pa anchito, kuyesa minda, kudziwa tirigu wolowa m'nkhokwe. Koma funso la nambala 79 liri ngati mwambi wa ana. Akatswiri aliwerenga motere: pali nyumba 7, m'nyumba iri yonse muli amphaka 7, mphaka ali yense agwira mbewa 7, mbewa iri yonse ikadadya ngala 7 za tirigu, ndipo ngala iri yonse ikadabala miyeso 7. Zonse pamodzi ndi zingati? Nyumba 7, amphaka 49, mbewa 343, ngala 2,401, miyeso 16,807, ndipo poonkhetsa zikwana 19,607. Palibe kapitao amene anafunapo kuonkhetsa amphaka ndi nyumba. Funso lotere alipangira kukondweretsa wophunzira, kuti aculukitse ndi 7 kanai asanazindikire kuti ali pa nchito.

Patapita zaka zoposa 1,000, Plato, wanzeru wa ku Athens amene anamwalira ca m'ma 347 Kristu asanabadwe, analemba za ana a ku Egypt m'buku lace lotsiriza, lonena za malamulo. Anati kumeneko ana ang'ono aphunzira kuwerengera mwa masewera. Apatsidwa zipatso kapena nkhata za maluwa kuti agawire anthu, ulendo wina ambiri, ulendo wina ocepa. Aika omenya nkhonya ndi ogwetsana awiri awiri, naona amene watsala wopanda mnzace. Asanganiza mbale za golidi, za siliva ndi za mkuwa, nazipatulanso. Plato anaona kuti ana ophunzira motere akula ali otha kuyendetsa nyumba ndi kulongosola ankhondo, ndipo anacita manyazi ndi umbuli wa anthu a kwao pa nkhani za kuyesa zinthu.

Koma njira inayo nayonso ndi yakale. Augustine, amene anabadwa m'caka ca 354 ku Thagaste, m'dziko limene lero lichedwa Algeria, nakhala bishopu wa ku Hippo pambuyo pace, anasimba za ubwana wace m'buku la kuulula kwace. Anati kuimba manambala mobwereza-bwereza, monga anali kucitira ku sukulu, inali nyimbo imene anaida, ndipo anali kukwapulidwa cifukwa anakonda mpira koposa maphunziro. Anatinso pemphero limene anapemphera ali mwana linali lakuti asakwapulidwe ku sukulu. Mwana ameneyo anali ndi mutu wakuthwa kuposa anthu ambiri a mbadwo wace. Ngati iye anada nyimbo ya manambala, ndiye kuti colakwa sicinali m'mutu mwa mwana.

Mwambi wa pa dooko

Ku Ulaya, ca m'ma 782, mfumu Charlemagne inaitana mphunzitsi wa ku York, dzina lace Alcuin, kuti ayang'anire sukulu ya ku nyumba ya mfumu. Kucokera m'nyengo imeneyo kwatsala kabuku ka mafunso oposa 50, kamene ambiri akhulupirira kuti anakalemba ndi Alcuin, ndipo dzina lace la m'Cilatini litanthauza mafunso onolera acinyamata. Funso lochuka koposa onse ndi ili. Munthu wafika pa mtsinje ali ndi mmbulu, mbuzi ndi mtolo wa kabici. Bwato liri laling'ono, lotha kunyamula iye ndi cinthu cimodzi cokha. Akasiya mmbulu ndi mbuzi paokha, mbuzi idyedwa. Akasiya mbuzi ndi kabici, kabici atha. Aolotsa bwanji zonse?

Njira yace ndi ya maulendo 7. Aolotsa mbuzi, nabwerera yekha. Aolotsa mmbulu, nabwerera ndi mbuzi ija. Aisiya, naolotsa kabici, nabwerera yekha, ndipo potsiriza aolotsa mbuzi. Pobvuta pali pa ulendo wacinai, pamene munthu ayenera kubweza cinthu cimene waolotsa kale, ndipo ana ambiri akhala nthawi yaitali asanalole kutero. M'mwambi umenewu mulibe kuonkhetsa kapena kucotsera, komabe ndi masamu eni eni, pakuti wouyankha ayenera kuyala njira zonse, kuyesa iri yonse, ndi kutaya zimene zifikitsa ku cionongeko.

Mwambi womwewu upezeka m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo mtundu uli wonse unauumba mwa njira yace. Edwin Smith, amene anali m'mishoni, ndi Andrew Dale, amene anali wa boma, analemba m'buku lao la 1920 m'mene Aila a ku zigwa za Kafue anali kuusimbira. Kwa iwo munthuyo ali ndi zinthu zinai: kambuku, mbuzi, khoswe ndi dengu la dzinthu, ndipo bwato lilola cimodzi cokha. Munthuyo ayesa ici, ayesa ico, naganiza zotaya khoswe kapena kambuku kuti zinazo zioloke. Koma zonsezo ziri ngati ana ace, ndipo sangathe kutayapo cimodzi. Tsono acita ciani? Akhala tsidya lomwelo, osaoloka.

Ena ayesa yankho limeneli nthabwala cabe, koma m'masamu liri loona. Akayamba ndi mbuzi, khoswe atsala ndi dzinthu. Akayamba ndi dengu, kambuku atsala ndi mbuzi. Akayamba ndi khoswe kapena ndi kambuku, mbuzi itsala ndi dzinthu. Njira ndi zinai, ndipo zonse zitsekeka pa ulendo woyamba. Kuonetsa kuti cinthu sicitheka ndi nchito imene akatswiri a masamu aiyesa yaikulu monga kupeza yankho, ndipo ana a Aila anali kuimva pa moto madzulo. Marcia Ascher, mphunzitsi wa masamu wa ku America, anayerekeza miyambi yotere ya maiko osiyana m'caka ca 1990, ndipo wa Aila anauika pakati pa inayo.

Nsolo nayonso si ya dzulo. Ku Matara, m'dziko la Eritrea, ndi ku Yeha, m'dziko la Ethiopia, ofukula zakale anapeza mizere ya maenje a masewera a mtundu uwu, imene aiyesa ya zaka za pakati pa 500 ndi 700. Ku Zanzibar ndi ku Malawi bawo aseweredwa pa maenje 32 ndi mbeu 64. Atsikana ali ndi ciyato, cimene mwana aponya mwala m'mwamba, naturutsa miyala m'dzenje, naibwezanso kusiya umodzi, pambuyo pace iwiri, pambuyo pace itatu, mwala woponyedwawo usanagwe. Diso liwerenga, dzanja licotsera, ndipo wolakwa adziwa yekha kuti walakwa, pakuti anzace amuuza mosabisa.

M'mene mkwapulo unapambanira

Nthawi yonse imene ophunzira anali ocepa, mphunzitsi wabwino anali kutha kukhala nao pansi ndi kuwafunsa miyambi. Zinthu zinasintha pamene mafakitale ndi migodi ya ku England zinasonkhanitsa anthu m'mizinda, ndipo ana osauka zikwi ndi zikwi anafunika kuphunzitsidwa ndi ndalama zocepa. M'caka ca 1798 Joseph Lancaster anatsegula sukulu ku London, m'mene mphunzitsi mmodzi anali kuyang'anira ana mazana ambiri m'cipinda cimodzi. Iye anali kuphunzitsa ana okulirapo, ndipo iwo anali kubwereza mau omwewo kwa ang'ono. M'sukulu yotere mulibe malo a zipatso zogawana kapena a mwambi wa pa dooko. Cimene citheka ndi kuloweza pamtima ndi kuyankha onse pamodzi.

M'caka ca 1862 boma la England, motsogozedwa pa nkhani iyi ndi Robert Lowe, linaika lamulo lakuti sukulu idzilandira ndalama monga mwa kukhoza kwa ana. Pa mwana ali yense wopitirira zaka 6, sukulu inali kulandira masheleni 4 akamafika mokwanira, ndi masheleni 8 akakhoza mayeso a kuwerenga, kulemba ndi masamu pamaso pa woyang'anira masukulu. Akalephera phunziro limodzi, anali kucotsapo masheleni 2 ndi makobiri 8. Munthu ali yense amene anagwirapo nchito yolipidwa monga mwa matani kapena mayadi adziwa cimene cicitika pamenepo. Mphunzitsi, poona kuti cakudya ca ana ace omwe ciri pa tsiku la mayeso, analeka kufunsa ngati mwana wamva, nayamba kungofuna kuti mwana achule. Matebulo a kuculukitsa anaimbidwa m'mawa ndi masana, ndipo wophonya anakumana ndi ndodo. Lamulo limeneli linatha m'zaka za m'ma 1890, koma mwambo umene linakhazikitsa unatsala.

Masukulu oyamba a mishoni m'dziko limene lero ndi Zambia anatsegulidwa m'zaka za m'ma 1880 ndi 1890, pamene njira yoloweza inali yofala ku Ulaya. Masukulu amenewo anapatsa anthu kuwerenga ndi kulemba, ndipo palibe angakane ubwino umenewo. Koma mphunzitsi wa m'mudzi anali ndi ana ambiri, masileti ocepa ndi buku limodzi, ndipo njira yosafuna ndalama inali yoimbitsa. Ndalama za nthawi imeneyo zinaonjezera bvuto, pakuti sheleni inali makobiri 12 ndi paundi masheleni 20, kufikira kwaca ya ngwee 100 inafika m'caka ca 1968. Cina cinataika mwakacetecete. M'Cinyanja 8 ndi zisanu ndi zitatu, 7 ndi zisanu ndi ziwiri, kotero kuti mwana pochula dzina la nambala waonkhetsa kale. Manambala a Cingerezi sauza mwana cinthu cotere. Nsolo ndi ciyato zinatsala kunja kwa mpanda wa sukulu, ndipo mwana wopezeka akuzisewera anayesedwa wotaya nthawi.

Aphunzitsi atatu

Ngakhale ku Ulaya komweko analipo aphunzitsi amene sanabvomere. Woyamba wochuka ndi Friedrich Froebel, amene anabadwa ku Germany m'caka ca 1782. Asanakhazikike pa uphunzitsi anagwirapo nchito ku Berlin m'nyumba yosungiramo miyala ya pansi pa nthaka, kusanja miyala yonyezimira monga mwa mbali ndi ngondya zace. Kumeneko anazolowera kuona kuti cinthu cacikulu cimangika ndi tizinthu tating'ono tofanana. M'caka ca 1840, ku Bad Blankenburg, anacha sukulu yace ya ana ang'ono Kindergarten, ndiko kuti munda wa ana. Zida zace anazicha mphatso. Yoyamba inali mipira 6 ya ubweya. Yacitatu inali cipika ca mbali 6 zolingana, codulidwa m'tizipika 8. Mwana anali kumanga nato mpando kapena nyumba, kutigawa pawiri ndi panai, ndi kutibwezanso kuti tikhale cipika cimodzi, ndipo potero anagwira ndi manja ace theka ndi gawo lacinai asanamve maina ao. Boma la Prussia linaletsa masukulu amenewa m'caka ca 1851, powaganizira kuti afesa kusapembedza ndi cipanduko. Froebel anamwalira caka cotsatira ciletsoco cisanacotsedwe. Cinacotsedwa m'caka ca 1860, ndipo minda ya ana inafalikira m'maiko ambiri.

Waciwiri ndi Maria Montessori, mmodzi wa akazi oyamba kukhala dokotala ku Italy, amene anatsiriza maphunziro ace ku Rome m'caka ca 1896. M'dera losauka la San Lorenzo, mu mzinda womwewo, munali nyumba zosanja za anchito. Atate ndi amai anali kupita ku nchito m'mamawa, ndipo ana osafika msinkhu wa sukulu anali kutsala okha, kuthamanga m'makwerero ndi kulemba pa makoma. Eni nyumba, podandaula ndi ndalama zokonzera, anapereka cipinda cimodzi kuti ana asonkhanitsidwemo. Pa 6 January 1907 Montessori anatsegula cipindaco ndi ana pafupi-fupi 50, nacicha nyumba ya ana.

Pophunzitsa kuwerengera anayamba ndi cinthu cimene ana osauka acidziwa msanga, ndico ndalama. Anawapatsa makobiri kuti asinthe ndalama yaikulu ndi zazing'ono. Anali nazonso ndodo 10, yaifupi ya masentimita 10 ndi yaitali ya mita imodzi, zopakidwa zigawo zofiira ndi zabuluu mosinthana. Mwana akaika ndodo ya 1 pa mapeto a ndodo ya 9, ya 2 pa mapeto a ya 8, anali kuona yekha kuti zonse zilingana ndi ndodo ya 10. Pambuyo pace anapanga mikanda: umodzi paokha, 10 pa waya, 100 m'bwalo la ngondya zinai, ndi 1,000 m'cipika colemera, kuti mwana anyamule cikwi m'manja ndi kumva kusiyana kwace ndi umodzi. Montessori mwini wace sanakonde kucha zimenezi masewera. Anazicha nchito ya mwana, pakuti anaona ana akusiya zidole ndi kubwereza nchito imodzi nthawi zambiri popanda wowakakamiza. Koma amene anaonapo atsikana atatanganidwa ndi ciyato mpaka kuiwala nsima adziwa kuti kwa mwana nchito yotere ndi masewera ziri cinthu cimodzi.

Wacitatu ndi Georges Cuisenaire, amene anabadwa m'caka ca 1891 ku Quaregnon, m'dera la migodi ya malasha ku Belgium, naphunzitsa sukulu ya pulaimale m'tauni yaing'ono ya Thuin. Iye anali katswiri woimba vayolini, ndipo cinamdabwitsa kuti ana amene agwira nyimbo yatsopano tsiku limodzi ndiwo omwe alira ndi masamu caka conse. Anaganiza kuti pa coimbira mwana agwira liu ndi cala nalimva ndi khutu, koma nambala alibe poigwira. Kuyambira m'caka ca 1931 anayesa kudula timitengo, kafupi ka sentimita imodzi ndi katali ka masentimita 10, natipaka utoto monga mwa ubale wa manambala. Ka 2, ka 4 ndi ka 8 anatipatsa mitundu ya banja lofiira. Ka 3, ka 6 ndi ka 9 anatipatsa mitundu yobiriwira ndi yabuluu. Ka 5 kanali kacikasu, ka 10 ka mtundu wa lalanje, ka 1 koyera, ndi ka 7, kamene kalibe mbale pakati pa tinato, kakuda.

Ana anali kuyamba ndi kungosewera nato, kumanga masitima ndi makwerero. Posacedwa wina apeza kuti tacikasu tiwiri tilingana ndi ka lalanje kamodzi. Wina apeza kuti kacikasu ndi kobiriwira ka 3 tifika pamene pafika ka 8, ndiko zisanu ndi zitatu monga Cinyanja cinenera. Mphunzitsi akati ka lalanje kachedwe cinthu cathunthu, mwana aona kuti kacikasu ndi theka ndipo kofiira ka 2 ndi gawo limodzi la magawo asanu. Ubwino waukulu unali wakuti colakwa cinali kuoneka ndi maso. Timitengo tikapanda kulingana, mwana acotsa kamodzi nayesa kena, ndipo safuna munthu womuuza kuti walakwa.

Kwa zaka zoposa 20 nchito imeneyi sinadziwike kutali ndi Thuin. M'caka ca 1952 Cuisenaire anasindikiza kabuku konena za manambala a mitundu, ndipo m'caka ca 1953 anacezeredwa ndi Caleb Gattegno, katswiri wa masamu amene anali kuphunzitsa aphunzitsi ku London. Gattegno anazizwa ndi zimene ana a m'tauni yaing'onoyo anali kucita, ndipo m'caka ca 1954 anayambitsa kampani ku England yopanga timitengoto, nayenda nato m'maiko ambiri kuonetsa aphunzitsi. Iye anabadwira ku Alexandria m'caka ca 1911, kotero kuti mwana wa ku Egypt ndiye anakumbutsa Ulaya cimene Plato anayamikira ana a ku Egypt.

Cimene masewera afuna

Pamenepa kholo lingafunse kuti, ngati nsolo iri masamu, bwanji mnyamata uja alephera pa bolodi? Yankho lioneka m'kafukufuku amene Geetha Ramani ndi Robert Siegler anafalitsa ku America m'caka ca 2008. Iwo anatenga ana a zaka 4 ndi 5 a mabanja osauka, nawagawa pawiri. Ena anasewera pa bolodi ya zipinda 10 zondondozana, zolembedwa 1 mpaka 10, ndipo poyendetsa kanthu kao anayenera kuchula nambala ya cipinda ciri conse cimene apitamo. Enawo anasewera masewera omwewo, koma zipinda zao zinali ndi mitundu yokha yopanda manambala. Anasewera kanai, ndipo nthawi yonse pamodzi inali ngati ola limodzi. Ana a bolodi ya manambala anapita patsogolo pa kuwerenga, pa kuzindikira manambala olembedwa ndi pa kudziwa nambala yaikulu ndi yaing'ono, ndipo patapita milungu 9 anali asanaiwale. Ana a bolodi ya mitundu anakondwa cimodzi-modzi, koma pa manambala anatsala pomwe anali.

Phunziro lace ndi lakuti masewera apatsa mwana nzeru, koma pafunika munthu woipatsa dzina ndi kuilumikiza ku zolembedwa. Mnyamata wa pa nsolo adziwa kumene mwala wa 19 ugwera, koma palibe anamuuza kuti cimene acita m'mutu ndico cimene aphunzitsi acicha kugawa. Froebel, Montessori ndi Cuisenaire sanangotayira ana zipika ndi kucokapo. Anakhala pambali, nafunsa funso pa nthawi yace, nalola mwana kuti ayese yekha.

Nkhani imeneyi si yaing'ono kwa anthu a m'migodi ndi m'matauni. Woyesa malo pansi pa mgodi, wokonza makina, wa magetsi, namwino woyesa mankhwala, mai wogulitsa pa msika, onsewa adya ndi masamu, ndipo mwana amene aopa manambala ali ndi zaka 8 kawiri-kawiri adzitsekera yekha makomo amenewa asanadziwe kuti alipo. Akulu anati m'mera mpoyamba. Timitengo ta ku Thuin tifuna ndalama, koma miyala, nthanga, zitsekero za mabotolo ndi bango lodulidwa m'miyeso ziri pa khomo liri lonse. Mai wogawira ana mtedza angathe kuuza wamkulu kuti agawe yekha ndi kunena zotsala. Agogo angathe kusimba za kambuku, mbuzi, khoswe ndi dengu, osafulumira kuulula mathero ace. Ndipo bambo amene mwana wace wafuula pa nsolo, m'malo momthamangitsa, angathe kuimitsa dzanja ndi kunena kuti, "Bwera pano, iwe. Wadziwa bwanji kuti ugwera apa? Talemba pansi tione."